Kodi Ana Athu Akapalasire Kuti Njinga?

Mwa zipangizo zonse zimene zinadza m'dziko muno ndi Azungu, palibe cina cinalowa m'nyumba za anthu wamba monga njinga. Aphunzitsi akale anali kuyendera nayo masukulu a m'midzi, Abambo anali kufikira nayo odwala, ndipo lero lomwe, kusanace, mudzakomana nazo pa mseu wa ku Lunzu kapena wa ku Chileka zitasenza makala, nkhuku ndi ndiwo zamasamba. Anyamata a kabaza adyera nsima pomwepo. Tonse tiidziwa njinga ngati cinthu ca nchito. Koma kuli maiko ena kumene bambo, mai ndi ana atuluka nazo pamodzi tsiku lopumula, napalasa mosathamanga, nabwera kwao onse ali bwino. Tifuna kukamba nanu, makolo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, za umo anthuwo anapezera njira zao, ndi cimene ife tingatolepo.

Ku Mangalande, kuyambira caka ca 1963, boma linatseka njanji zambiri zimene sizinali kubweza ndalama. Zitsulo zinazulidwa, natsala makwalala atali omera chire. Pakati pa mizinda iwiri, Bristol ndi Bath, anthu odzipereka a gulu limene linadziwika pambuyo pace ndi dzina la Sustrans analambula khwalala lotere kuyambira 1979 kufikira 1986, nalisandutsa njira ya njinga ndi ya oyenda pansi. Kutalika kwace ndi makilomita ngati 21, ndipo ndi ya phula. Ku America nako anacita comweco, ndipo mu 1986 anakhazikitsa bungwe la Rails-to-Trails Conservancy loyang'ana nchito imeneyi.

Cimene cikometsa njira zotere si phula lokha ai. Sitima ya pamtunda siingathe kukwera citunda cacikuru, pakuti magudumu ace acitsulo aterereka pa njanji. Cotero amisiri oika njanji akumba phiri, nakwirira cigwa, namanga milatho, kuti njira ikwere pang'ono pang'ono osaoneka. Sitima ikacoka, mwana wa zaka 6 alandira mseu umene anausalazira cinjini colemera. Cinanso ndi cakuti galimoto siilowamo. Zinthu ziwiri zimenezi, kusalala kwa nthaka ndi kusowa kwa galimoto, ndizo tiyenera kuzifunafuna kwathu kuno.

Tsono kwathu kuno nkwa mapiri. Ndirande wagona patsinde pa phiri lace, Bangwe cimodzimodzi, Zingwangwa atsamira Soche, Chilomoni atsamira Michiru. Amene anakankhapo njinga kucokera ku mtsinje wa Mudi kukwera kunka ku Limbe adziwa cimene tinena. Mtsetse umene munthu wamkuru auyesa wacabe, kwa mwana ndi phompho. Ndiponso namondwe Freddy, mu March 2023, anakumba zigwembe m'njira zambiri za m'mapiri, ndipo mvula ya caka ndi caka izikuza.

Wina adzati: nanga si tiri nayo njanji ifenso? Tiri nayo ndithu. Inafika ku Blantyre mu 1908 kucokera ku Chigwa ca Shire, ndipo mu 1935 inafika ku Salima. Koma yathuyi ndi yamoyo. Sitima za katundu ziyendabe kucokera ku Limbe kudutsa Blantyre kunka ku Nkaya, ndipo sitima siima msanga monga galimoto; woyendetsa angaone mwana ali patali, koma kuimitsa ngolo zonsezo kufuna mtunda wautali. Kanjira ka m'mphepete mwa njanji kaoneka kosalala, ndipo cifukwa cace kanyenga ana. Muwaletse ndi mau amphamvu, ndipo musatope kubwereza. Podutsa njanji atsike, ayang'ane uku ndi uku, akankhe njinga ndi manja.

Nanga malo abwino ali kuti? Alipo, koma sitiwaona cifukwa tinawazolowera. Bwalo la mpira la pa sukulu, ana ataweruka, ndi losalala ndipo galimoto siifikako. Bwalo la pa calici madzulo a Lamulungu, anthu atabalalika, liri comweco. Mupemphe kwa Abambo kapena kwa akuru a mpingo, osangolowa ngati m'munda wopanda mwini. A ku Zingwangwa ndi Naperi ali pafupi ndi Njamba, bwalo lalikuru lija pamene Papa Yohane Paulo II anacitira Misa mu May 1989. Tsiku lopanda msonkhano banja lonse lingazungulire pamenepo kufikira kukhuta. Ku Machinjiri ndi ku Bangwe musankhe tinjira ta m'kati mwa nyumba kumene minibasi siidutsa, ndipo inu bambo muyambe mwayendamo ndi miyendo, kuona maenje, agaru ndi ngalande. A ku Chilomoni asayese njira ya ku Mtanda wa pa Michiru: imeneyo ndi ya miyendo ndi mapemphero, njinga isiyeni kunyumba.

Tinene za kaphunzitsidwe, pakuti apa ndipo ambiri alakwa. Mwana wa kuno aphunzira pa njinga ya atate wace, yaitali yomposa, mwendo atapisa m'kati mwa citsulo, thupi liri pambali. Ambiri a ife tinaphunzira motero, ndipo zipsera ziri m'maondo. Koma kale miseu inalibe njinga zamoto ndi minibasi za lero. Ngati mungathe kupeza njinga yaing'ono, ngakhale yobwereka kwa mnansi, tsitsani cishalo kuti mapazi onse awiri aponde pansi. Masiku oyamba asapalase konse. Azingodzikankha ndi mapazi, nawatukula pang'ono, kufikira thupi lace lidziwa kukhazikika. Musamgwire mahandulo, cifukwa mukatero ndinu muyendetsa, iye saphunzira kanthu. Mgwireni pamsana kapena pansi pa cishalo. Asanadziwe liwiro adziwe kuima. Agwire mabuleki onse awiri pamodzi, mofatsa. Akakoka lakutsogolo lokha pa mtsetse, njinga idzamtaya camutu. Mwana amene sangathe kuima pa mzere umene mwamlembera pansi sanayenere kutuluka m'bwalo.

Njinga yace ikhale yokonzeka. Mabuleki otha, tayala lophwa ndi ceni comasuka ndizo zigwetsa ana koposa kusadziwa kwao, ndipo wokonza njinga wa pa msika acita zonsezi ndi ndalama zocepa kuposa za ku cipatala. Ku Chilomoni kunafika njinga zambiri zolimba zimene kale zinali kunyamula makalata a Royal Mail ku Mangalande. Bungwe la Krizevac Project linazitumiza ku Beehive, kumene amisiri a konko anazikonza nazigulitsa. Zotere ndi zabwino kwa bambo kapena mai wonyamula kamwana kumbuyo, koma zilemera, si za mwana wophunzira. Ndipo inu onyamula kamwana pa keliyala, samalani mapazi ace. Kaphazi kakalowa m'masipoko, cidendene cisupuka kufikira pfupa, ndipo bala lace licedwa kupola. Mumbveke nsapato, muike potsamira mapazi, ndi kucinga gudumu ndi cikatoni colimba kapena kathabwa kopepuka.

Poyenda pamodzi, mai kapena mwana wamkuru atsogole, ang'ono akhale pakati, bambo atsirize kumbuyo kumene aona onse. Ulendo uyesedwe ndi miyendo ya wamng'ono. Mukafika pa mseu wa galimoto, lamulo ndi kuyenda kumanzere, mmodzi pambuyo pa mnzace. Koma mseu wonga wa Masauko Chipembere, kapena wa pa msika wa Ndirande, si wa ana ai, ngakhale akhale ocenjera. Pamenepo onse atsike, akankhe.

Pali cimene banja limodzi silingathe palokha. Pamene a khonsolo ya mzinda akonza mseu m'dera lanu, mungathe kupita kwa khansala wanu, inu a m'limana kapena a komiti ya sukulu, ndi kupempha kuti pambali pace asiye kanjira ka njinga ndi ka oyenda pansi, kolekanitsidwa ndi galimoto. Ku Bristol kuja anayamba ndi anthu owerengeka ogwira mafosholo. M'mphepete mwa mitsinje yathu, monga Mudi, Nasolo ndi Naperi, nthaka itsika mofatsa monga ya njanji. Lero muli zinyalala ndi minda, ndipo madzi asefukiramo m'dzinja, koma ndi malo oyenera kuwaganizira.

Nyengo yabwino yoyambira ndi kucokera May kufikira August, mvula itatha, dzuwa lisanawawe. Masiku a ciperoni, mu June ndi July, dothi lofiira literera ndipo mabuleki onyowa sagwira msanga. Tsiku lotero dikirani kuti kuyere. Mutenge madzi akumwa, pampu, ndi cinangwa cophika kapena nthoci, ndipo mubwere kunyumba dzuwa lisanalowe, pakuti njinga zambiri za kuno zilibe nyali.