Mfuti, Galimoto ndi Womasulira: Za Makanema a Anime ku Cape Town

M'nkhani ino tifuna kufotokoza za mtundu wina wa kanema wa ku Japan umene ofufuza zilankhulo sauŵerengera kwenikweni, chonsecho uli ndi zambiri zokhudza ntchito yomasulira. Tikunena za makanema a zithunzi zojambula pamanja, otchedwa anime, makamaka aja amene nkhani zake zagona pa mfuti ndi magalimoto aliŵiro. Tasankha mzinda wa Cape Town chifukwa kumeneko anime wamveka m'zilankhulo zingapo, ndiponso chifukwa ku Imizamo Yethu, ku Masiphumelele ndi ku Capricorn kuli Amalaŵi ambiri amene ana ao akukula pakati pa Chixhosa, Chiafrikaans ndi Chingerezi.

Tiyambe ndi kumene makanemaŵa anachokera. Makina oonetsera matepi a vidiyo atafala m'nyumba za ku Japan, makampani anaona kuti angathe kupanga kanema ndi kumgulitsa pa tepi, osadzera pa wailesi yakanema kapena m'nyumba zoonetsera. Makanema otere amatchedwa OVA, ndipo woyamba amene amatchulidwa kaŵirikaŵiri ndi Dallos wa chaka cha 1983. Popeza wogula tepi anali munthu wamkulu wolipira ndalama zakezake, opanga sankamangidwanso ndi malamulo a mapulogalamu a ana. Magazi anayamba kuoneka, ndipo mfuti ndi magalimoto zinajambulidwa mosamala kuti wozidziŵa asapeze chotola.

Katswiri wa mtundu umenewu ndi Kenichi Sonoda. Mu 1989 panatuluka Riding Bean, nkhani ya dalaivala wa mumzinda wa Chicago amene amanyamula aliyense ndi chilichonse malinga alipidwe. Kenaka Sonoda analemba Gunsmith Cats, nkhani yazithunzi imene inkatuluka m'magazini ya Afternoon kuyambira 1991 mpaka 1997, ndipo mu 1995 ndi 1996 anaipangira zigawo zitatu za kanema. Mwini nkhani ndi mtsikana, Rally Vincent, amene ali ndi sitolo ya mfuti ku Chicago komweko, nagwiranso ntchito yosaka anthu othaŵa milandu. Mfuti yake ndi CZ 75 ya ku Czechoslovakia. Galimoto yake ndi Shelby GT500 ya 1967. Opanga kanemayu anachita kupita ku America kukaona misewu, ndipo kulira kwa injini anakujambula ku galimoto yeniyeni. Tikutchula zimenezi chifukwa zikusonyeza kuti m'makanema otere dzina la chida si chokometsera chabe. Womasulira akalitaya, wataya chimene wogula tepi anaperekera ndalama.

Kodi zinafika bwanji ku Cape Town? Zinadzera njira ziŵiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi ya wailesi yakanema ya SABC, imene inatsegulidwa mu Januwale 1976. Chaka chomwecho bungwe la ochita zisudzo ku Britain, Equity, linaletsa kuti mapulogalamu a mamembala ake agulitsidwe ku South Africa chifukwa cha tsankho. SABC inagula mapulogalamu kwina, niwaika m'Chiafrikaans. Ena mwa iwo anali a ku Japan, monga Heidi amene Isao Takahata anatsogolera mu 1974. Ana ambiri anakula osadziŵa kuti kamtsikanako kanajambulidwa ku Tokyo, popeza kankalankhula Chiafrikaans chosalala.

Njira yachiŵiri inali ya masitolo obwereketsa matepi, ndipo iyi ndiyo ya mfuti ndi magalimoto. South Africa inkagwiritsa ntchito dongosolo la PAL, monga Britain, pamene America ndi Japan zinali pa NTSC. Motero tepi ya ku London inkaseŵera bwinobwino, koma ya ku America inkakana pa makina wamba. Zitabwera zimbale za DVD, South Africa inaikidwa m'chigawo 2 pamodzi ndi Ulaya ndi Japan, pamene Malaŵi anaikidwa m'chigawo 5. Zotsatira zake n'zakuti mwana wamng'ono anamva anime m'chilankhulo cha m'dziko mwake, koma atasinkhuka anammva m'Chingerezi chokonzedwera msika wa ku Britain.

Chingerezi chimenecho chili ndi mbiri yofunika kuidziŵa. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya Manga Entertainment inkaonjeza mau otukwana m'makanema ena, monga Cyber City Oedo 808, ndi cholinga choti bungwe loona za makanema liwaike m'gulu la anthu a zaka 15 kapena 18, kuti aoneke ngati a akuluakulu. Koma tisafulumire kunena kuti omasulirawo anangonama. Chijapani chimanyoza kwambiri posankha mloŵam'malo. Munthu angathe kunena mnzake kuti anata, omae, temee kapena kisama, ndipo onseŵa m'Chingerezi amasanduka liwu limodzi lokha. Chipongwe chikasoŵa pokhala m'mloŵam'malo, womasulira amachisamutsira m'matemberero.

Apa m'pamene Chicheŵa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Ife tili ndi iwe ndi inu. Chigaŵenga chimene chakhala chikunena kuti "Bwana, khalani pansi" chikatembenuka nkuti "Khala pansi, iwe," womvera aliyense amadziŵa kuti zinthu zathina, popanda liwu limodzi lolaula. Tilinso ndi a- waulemu amene amayenda bwino m'malo mwa -san wa Chijapani: Tanaka-san ndi a Tanaka, ndipo kumchotsa a- kumamveka monga mmene kumamvekera kuchotsa -san. Chachitatu ndi mvekero. Chijapani chili ndi mivekero yochuluka, kufikira kuti m'nkhani zazithunzi bata lenilenilo amalilemba ndi liwu loti shiin. Mngerezi amasoŵa chochita nalo, koma ife timangoti kunali zii. Mfuti yalira phuu, galimoto yadutsa vuu, munthu wagwa khu.

Zimenezi si zongoganizira. Ku Malaŵi, kumene wailesi yakanema inadza mochedwa mu 1999, anthu anazoloŵera kuonera makanema m'timanyumba ta vidiyo, ndipo pambuyo pake kunabuka anyamata amene amaika mau a Chicheŵa pa makanema a ku China, ku India ndi ku America. Ku Tanzania ntchito yotere anaitchukitsa Derek Gaspar Mukandala, wodziŵika kuti Lufufu, m'Chiswahili. Munthu mmodzi amalankhula m'malo mwa onse a m'nkhani, nafotokozanso zimene zikuchitika, nthaŵi zina nkuponyamo nthabwala zake. Ena mwa ife amanyoza ntchitoyi kuti si kumasulira. Ife tikuona kuti ndi luso la mlakatuli ndi wokamba nthano limene lapeza bwalo latsopano, ndipo m'menemo ndi m'mene mau a Chicheŵa a zida zamakono akuyesedwa tsiku ndi tsiku, popanda komiti.

Povuta ndi pa maina a zida. Tili ndi mfuti, chipolopolo, onga, gogodela, ndi mneni wokoma uja, kukhethemula. Koma Rally Vincent akamasiyanitsa mfuti yaing'ono ya mpukutu wozungulira ndi ya zipolopolo za m'chigwiriro, Chicheŵa chimafuna chiganizo chathunthu pamene pakamwa pa wojambulidwayo patseguka kamodzi kokha. Pa galimoto vutoli n'lochepa, chifukwa amakaniko anatibwerekera kale injini, giya, buleki ndi tayala, ndipo chiwongolero ndi chathuchathu. Liwu loti galimoto lomwelo linachokera ku Chiswahili, monga buluku anadza kuchokera ku Chiafrikaans. Maganizo athu ndi akuti maina monga CZ 75 asiyidwe mmene alili, ndipo mphamvu za womasulira zipite ku aneni ndi mivekero, kumene chilankhulo chathu n'cholemera.

Pali chinthu china chimene womasulirira anthu a ku Cape Town sangachilambalale. Sonoda ankajambulira anthu a dziko limene mfuti n'zosoŵa, kwa iwo Chicago anali ngati dziko la m'nthano. Ku Cape Flats, kumene boma latsankho linakataya mabanja ochotsedwa ku District Six ndi madera ena, kulira kwa mfuti n'kwa pakhomo, kotero kuti mu Julaye 2019 boma linatumizako asilikali kuti akathandize apolisi kulimbana ndi magulu a zigaŵenga. Womasulira amene amaseketsa anthu pamene munthu akuwomberedwa ayenera kudziŵa kuti ena mwa omvera ake anaikapo maliro otero. Sitikunena kuti mfuti zifufutidwe m'nkhani. Tikunena kuti kusankha pakati pa "wamupha" ndi "wamuphwetekeratu" si nkhani ya galamala yokha.

Mzindawu tsopano nawo ukupanga makanema otere. Kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town inatsogolera Kizazi Moto, makanema afupiafupi khumi amene anatuluka pa Disney+ mu 2023. M'modzi mwa iwo, Mkhuzi: The Spirit Racer, ndi wa mpikisano wa magalimoto wojambulidwa motsata anime, ndipo Chizulu chimamveka m'menemo. Chaka chomwecho Netflix inatulutsa Supa Team 4, nkhani ya Malenga Mulendema wa ku Zambia yochitikira mumzinda wa Lusaka, kumene Chinyanja chimalankhulidwa m'misika ndi m'mabasi. Kanemayo anatuluka m'Chingerezi, ndipo anamuikanso m'Chizulu.