Kusankha zolumikizira mawaya a batire pa vani ya malonda

Amalonda ambiri amene amanyamula nsomba za ziwisi, nkhuku zopha kale, yogati ndi zakumwa zozizira akumaika batire yachiwiri, firiji ndi inveta m'mavani awo. Ndalama zochuluka zimathera pa batire ndi firiji, koma zolumikizira mawaya zimangotoledwa zilizonse zotchipa pa benchi. Komatu nthawi zambiri vuto limayambira pamfundo pomwepo. Mfundo ikatentha firiji imazima pamsewu, nsomba zochokera ku Mangochi n'kukafika ku Limbe zitayamba fungo. Zikavuta kwambiri galimoto imagwira moto.

Kuwerengera kaye maampu

Cholumikizira chilichonse chili ndi mlingo wa maampu amene chingapirire. Mlingo wofunikawo umapezeka pogawa mawati a chipangizo ndi mphamvu ya batire. Inveta ya mawati 1,000 pa batire ya 12V imakoka maampu 83, ndipo poti magetsi ena amatayika m'kati mwake, imayandikira maampu 100. Firiji yaing'ono ya 12V imakoka maampu pafupifupi 5 basi. Magalimoto a 24V amakoka theka la maampu pa katundu yemweyo.

Soketi yoyatsira ndudu ya pa dashibodi imapirira maampu 10 mpaka 15. Ndi yokwana kutchajira foni, koma inveta yaikulu siyenera kulumikizidwa pamenepo. Nazo zopanira zokhala ngati mano a ng'ona zinapangidwira kulizira galimoto kwa kamphindi. Zimagwira pamalo ochepa ndipo zimasuntha galimoto ikamagwedezeka m'maenje.

Chifukwa chimene mfundo imatenthera

Magetsi akamadutsa pamalo osagwirana bwino amasanduka kutentha, ndipo maampu akawirikiza kawiri kutenthako kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake mfundo yolefuka imatha kuyatsa nyali kwa chaka osavuta, koma n'kusungunuka tsiku limene aikapo inveta. Pa maampu 100, mfundo imene ikutaya theka la volti imatulutsa kutentha kwa mawati 50, ndipo konseko kumaunjikana pa kachitsulo kochepa ngati chala.

Mitundu yoyenera

Pamene waya sazichotsedwachotsedwa, monga pa batire, pa fyuzi ndi pa inveta, pamafunika ma lug a kopa, aja okhala ndi chibowo chomangira bawuti. Pa lug pamalembedwa manambala awiri. Yolembedwa 35-8 ndi ya waya wa 35mm² ndi bawuti ya mamilimita 8. Chibowo chikakula kuposa bawuti, malo ogwirana amachepa.

Pamene katundu amatsitsidwa madzulo, monga firiji kapena bokosi la batire, mapulagi a Anderson ndiwo odziwika. Alipo SB50, SB120, SB175 ndi SB350, ndipo nambalayo imalozera maampu ake. SB50 ndi yokwana firiji ndi waya wotchajira batire yachiwiri. Inveta ya mawati 1,000 imafuna SB120 kapena SB175. Mapulagiwa salola kuti waya wa pozitivu ulowe ku negetivu, ndipo amalowana okhaokha ofanana mtundu, yotuwa ndi yotuwa inzake, yofiira ndi yofiira. Wogula atenge ziwiri zofanana nthawi imodzi.

Mitu ya batire nayo imasiyana. Mutu wa pozitivu ndi wonenepa kuposa wa negetivu, ndipo magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi mabatire a mitu yowonda. Chomangira chachikulu pa mutu wowonda sichigwira, ndipo kukhomerapo msomali kapena kachitini kumangobisa vuto.

Kuzindikira katundu wabodza

Lug yabwino ndi ya kopa, ngakhale kunja imaoneka yoyera chifukwa amaikuta kuti isachite dzimbiri. Ikapalidwa pang'ono ndi tupa, m'kati mumaoneka mofiirira. Ikakhala yachikasu ndiye kuti ndi ya mtundu wina wa chitsulo umene sutumiza magetsi bwino ngati kopa. Ikagwidwa ndi maginito ndi yachitsulo wamba ndipo isiyidwe. Yopyapyala yopindika ndi zala siingapirire maampu ambiri.

Pamsika pamapezekanso waya wa aluminiyamu wopakidwa kopa kunja kokha. Umapepuka m'manja, ndipo ukadulidwa tinsinga take timaoneka toyera pakati. Umatumiza magetsi ochepa poyerekeza ndi wa kopa wonenepa mofanana, komanso umathyoka msanga pamfundo. Waya wina amaunenepetsa ndi pulasitiki, choncho choyang'ana ndi kopa wa m'kati.

Waya, fyuzi ndi kamangidwe

Cholumikizira chabwino sichithandiza pa waya wowonda. Pa maampu 100, waya wa kopa wa 35mm² wotalika mamita 4 kupita ndi kubwera umataya 0.2V yokha. Wa 6mm² pa mtunda womwewo umataya yoposa volti imodzi, umatentha, ndipo inveta imazima ngati batire yatha pomwe ili ndi moto.

Fyuzi iikidwe pa waya wa pozitivu pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 20. Ntchito yake ndi kuteteza waya, choncho isapose mlingo wa waya kapena wa cholumikizira. Za maampu ambiri ndi monga MIDI, MEGA ndi ANL. Mabatire awiri akalumikizidwa, mbali iliyonse ikhale ndi fyuzi yake, chifukwa waya ukakhudza bodi magetsi amachokera konsekonse.

Lug ifinyidwe ndi chipangizo chake chofinyira, osati kuphwanyidwa ndi hamala pamwala. Ikafinyidwa bwino waya sutuluka ngakhale munthu akoke mwamphamvu. Mtovu wokha sukwanira pa waya wamkulu, chifukwa umaumitsa waya n'kuuchititsa kuthyoka ndi kugwedezeka kwa galimoto. Pomanga, lug igone mwachindunji pa chitsulo cha batire kapena cha fyuzi, washala ibwere pamwamba pake. Paliponse pamene waya ukudutsa pa chibowo cha bodi pakhale mphira. Pogwira ntchito, waya wa negetivu ndiwo umayamba kuchotsedwa ndipo umabwezedwa pomaliza.

Asanalipire mmisiri

Wamalonda apemphe kuti zonse ziyatsidwe kwa mphindi 15, kenako akhudze mfundo iliyonse mosamala. Kufunda pang'ono si vuto, koma yotentha moti chala sichingakhalepo imangidwenso. Fungo la pulasitiki yopsa, kuda kwa chitsulo ndi ufa woyera kapena wobiriwira pa mitu ya batire ndi zizindikiro zoti pakufunika mmisiri wa magetsi a galimoto.

Pofunsa mitengo ndi bwino kutchula nambala ya lug, kukula kwa waya ndi maampu a fyuzi m'mashopu angapo, kuti poyerekeza pakhale katundu wofanana. Mabawuti onse aunikidwenso pakatha sabata yoyamba, kenako mwezi ndi mwezi, makamaka pa vani yoyenda m'misewu yafumbi.