Mkango umene umafa Lachisanu lililonse kunyumba kwanga

Lachisanu ndikatsika minibasi pa Nsungwi ku Area 25, thupi limakhala litatheratu. Sabata yonse ndimakhala nditaweramira makina osokera m'tauni, kulimbana ndi makasitomala ofuna diresi la chinkhoswe mawa lomwe, kenaka n'kudzapanikizana anayianayi pampando pobwerera. Ndikafika ndimaphika, ana adye, nditsuke mbale. Nyumba ikati zii, ndimatereka tiyi pambaula, n'kufunda chitenje, n'kutsegula filimu yomweyomweyo: The Lion King. Inde, katuni, zidole zoonera ana zija. Amuna anga anasiya kudabwa. Amangosuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Mayi, mkango wanu uja waferanso lero?"

Filimuyi ndinayamba kuionera m'chaka cha 1998 tikukhala ku Kawale. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake, poti Television Malawi inadzayamba mu 1999. Kanema wathu anali vidiyo shoo ya pafupi ndi msika: chisakasa cha malata akale, mawindo otseka ndi masaka, mabenchi a matabwa, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko kuti lero kuli Rambo, mawa Bruce Lee. Loweruka masana mwiniwake ankaika makatuni kuti adyeko tindalama ta ana. Tsiku lina bambo anga, amene ankagwira ntchito ya fodya ku Kanengo, ananditenga padzanja n'kulowa nane. Anali munthu wamkulu yekhayo m'menemo. Anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa pabondo, ndipo njiri yonenepa ija, Pumbaa, itatulukira, anaseka mpaka kutsokomola.

Chingerezi sindinkachimva, koma nkhaniyo ndinaitsata bwinobwino. Mfumu ya mikango, Mufasa, ili ndi mwana, Simba. Mng'ono wake wa mfumuyo, Scar, akulilira ufumu, ndiye akupangana ndi afisi. Akupha mkulu wake, n'kumunamiza mwanayo kuti iyeyo ndiye wachititsa imfayo. Simba akuthawira kutali, akukula ali kuchilendo, ndipo patapita zaka akubwerera kudzatenga zake.

Chaka chotsatira bambo anamwalira. Tisanamete n'komwe, bambo aang'ono anabwera ndi galimoto ya hayala n'kupakira njinga, wailesi, mipando ndi makina osokera a amayi, ati zonsezo n'za mbale wawo. Tinasamukira ku Mgona, m'kachipinda kamodzi. Lamulo loti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu linadzakhwima mu 2011, ife titalira kale. Ndiye mukandiuza kuti Scar ndi chidole chojambula, ndimangokuyang'anani. Ine ndinamuona ndi maso akukweza njinga ya bambo anga.

Kuchokera pamenepo filimuyi yanditsatira m'mayendedwe anga onse. Ndinaionera pa tepi kwa aneba, tepiyo itatha mphamvu mpaka chithunzi chinkachita mizeremizere. Ndinadzagula disiki mumsika wa m'tauni, ija yokhala ndi mafilimu angapo pamodzi, imene inkaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, nyani Rafiki atakweza ndodo m'mwamba. Lero ili pa memori khadi, anandiikira mnyamata wobena nyimbo. Magetsi akazima kapena mayunitsi akatha, ndimaonera pafoni, nditaitsamiritsa ku botolo la shuga.

Nditakula ndinayamba kufufuza za amene anaipanga. Inatuluka mu 1994 ku kampani ya Walt Disney, ndipo anaitsogolera ndi Roger Allers ndi Rob Minkoff. Mu 1991 ena mwa ojambula anapita ku Kenya, kumalo osungira nyama a Hell's Gate, kukaona mmene tchire la kuno limaonekera. Mayina ambiri ndi a Chiswahili: simba ndi mkango, rafiki ndi bwenzi. Mawu amphamvu amene amatsegulira filimuyi dzuwa likutuluka ndi a Lebo M wa ku Soweto, ndipo akuimba m'Chizulu. Nyimbo za filimuyi, zimene anakonza Hans Zimmer, Elton John ndi Tim Rice, zinapata mphoto ziwiri za Oscar.

Monga telala, chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ntchito ya manja. Kanema ndi zithunzi zosayenda zimene zimadutsa mofulumira, 24 pa sekondi iliyonse, mpaka diso n'kumaona ngati chinthu chikuyenda. Mikango imeneyi anthu ankaijambula ndi pensulo, pepala ndi pepala, kusuntha khutu pang'ono, chikope pang'ono. Malo amene nyumbu zikuthamangira m'chigwa anawapanga mothandizidwa ndi kompyuta, ndipo kachigawo kosakwana mphindi zitatu kameneko kanadya zaka zoposa ziwiri. Ndikamapinda mpendero wa diresi ndi singano usiku, ndimawakumbukira anthu amenewo.

Nanga munthu angaonerenji chinthu chimene akudziwa kale mathero ake? Funso limeneli agogo anga a ku Mitundu akanaliseka. Nthano ya Kalulu ndi Fisi ankatisimbira kangati? Akati "Padangokhala," ife tinkayankha "Tili tonse" tikudziwa kale kuti Fisi apusitsidwa. Akadumpha pena, tinkawabweza. Mwana safuna nthano yatsopano usiku uliwonse, amafuna yomwe ija, ndi mawu omwe aja. Ngakhale kutchalitchi, nyimbo imene imagwetsa misozi ndi ija tinaiyamba tili ana.

Moyo wa m'tauni muno ndi wosadziwika mawa lake. Mtengo wa thumba la makala ukusintha, landilodi akukweza lendi, minibasi ikukwera mtengo mafuta akasowa, kasitomala wazimitsa foni asanamalize kulipira. Tsiku lonse mutu umakhala ukuwerengera. Filimu yatsopano imafunanso mutu womwewo: uyu ndani, achita chiyani, kodi afa? Koma yakale ija siifuna kanthu kwa ine. Kwa mphindi 88 ndimadziwa chilichonse chimene chikubwera. Mufasa agwa, ine ndilira, mvula igwa kumapeto, tchire liphukanso. Chisoni chake chili ndi malire, chimayamba pa nthawi yake n'kutha pa nthawi yake, pamene chisoni chenicheni chimangokugwera uli pamzere wa kumpopi.

Akatswiri ena anafufuzapo za khalidweli. Mu 2012 Cristel Russell ndi Sidney Levy anafalitsa zimene anapeza atacheza ndi anthu a ku America ndi New Zealand amene amabwereza mabuku, mafilimu ndi malo amene anapitako kale. Mwa zina, anaona kuti munthu akabwerera ku chinthu chosasintha, amazindikira mmene iye mwini wasinthira. Zimenezi ndazionera pa ine ndekha. Ndili mwana ndinali Simba, wolandidwa. Nditabereka, maso anga anapita kwa Sarabi, mayi wamasiye amene anatsala pamudzi n'kumapirira ulamuliro wa mlamu wake, ndipo ndinayamba kuwamvetsa amayi anga. Masiku ano ndimaona Mufasa akuuza mwana wake kuti nayenso anachita mantha, ndipo ndimadzifunsa ngati ana anga ndimawauza zoona chotero.

Agogo aja anaionerako kamodzi asanatisiye, atabwera kudzadwalira kwa mkulu wanga ku Chinsapo. Tinkawamasulira. Itatha anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwana alowa bwanji ufumu wa bambo ake? Nanga mwana wa mlongo wake wa mfumuyo ali kuti?" Kwa Mchewa ufumu umatsata kuchikazi, ndiye kwa iwo Simba analibe mlandu woti n'kudandaula pabwalo. Za afisi zokha ndiye anavomereza, ati amenewo ndi a mfiti basi, ngakhale kuno ku Lilongwe afisi enieni timawamva akulira usiku m'mbali mwa mitsinje, akungodzifunira chakudya.

Ana anga amakonda makatuni omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'matauni, aja amalowetsamo nthabwala za kabaza ndi ngongole za banki m'khonde. Amandiseketsa, koma yanga ija ndimaifuna mmene inalili. Ngakhale ija anaipanganso mu 2019, ya mikango yooneka ngati yeniyeni, ndinaionera kamodzi kokha. Nkhope za mikango yake sizinkalira. James Earl Jones, amene ankalankhula ngati Mufasa m'mafilimu onse awiri, atamwalira mu September 2024, ndinakhala chete pa makina kwa kanthawi, anzanga n'kumafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta.

Pali chimodzi chimene ndiyenera kuvomera. Chaka china, bizinesi itagwa ndipo ngongole zitandizinga, ndinkaionera usiku uliwonse, osafuna kulankhula ndi munthu. Mkulu wanga anachita kukwera minibasi ziwiri kuchokera ku Chinsapo kudzandizimitsira foni. "Iwe, mkangowu sukubwezera ngongole. Tiye tikhale pansi." Ananena zoona. Filimu imapumitsa mtima, koma siimva zimene ukunena, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mukaona kuti chinthu chimene chinkakupumitsani chasanduka pobisalira, moti tulo sitikubwera ndipo chakudya sichikulowa, uzani m'bale, mnzanu, abusa kapena a chipatala.

Kupatula apo, musachite manyazi ndi kanthu kanu kamene mumabwereza, kaya ndi Tom and Jerry, kaya sewero lakale la pawailesi, kaya kaseti ya kwaya imene amayi anu ankaikonda. Ena amapumira ku bawo, ena ku mpira, ena kumowa. Ine Lachisanu likubwerali tiyi akhala pambaula, ndipo njiri ija ikatulukira ndidzamvanso bambo anga akuseka kumapeto kwa benchi ku Kawale. Wofuna kudzaonera nane abwere ndi kapu yake.