Mlamu wanga ndi nsanja ya pa boti

Amene mumadutsa ku Ndirande mukudziwa kuti pakhomo pa wowotcherera zitsulo sipasowa mageti, mbaula ndi mawilibala othyoka miyendo. Koma tsiku lina m'mwezi wa Meyi anthu anaunjikana pa shedi ya mlamu wanga ngati pachitika ngozi, chifukwa panali pataima boti. Inde, boti lenileni la injini, lili pa ngolo pakati pa fumbi, nyanja ili kutali ku Mangochi.

Mwini wake ndi bambo wina wa bizinesi ya mathiraki, dzina tisiye. Botilo ndi Ski Nautique ya m'zaka za m'ma 1980, ndipo analigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Bamboyo anatulutsa foni naonetsa chithunzi cha boti lamakono lokhala ndi nsanja ya mapaipi yowala pamwamba pake. Ati mwana wawo wa ku sekondale akufuna yotere, koma yoitanitsa kunja ndi ya madola, kuwonjezapo msonkho ndi mtengo wonyamulira.

"Amisiri, ichi mungapange?"

"Bwana, chitsulo chilichonse chimamva moto," anatero mlamu wanga, mosaphethira n'komwe.

Madzulo ake anandiitana. "Alamu, inu munapitako ku yunivesite, tandiuzani chinthuchi ntchito yake n'chiyani." Ine maphunziro ndinasiyira m'chaka chachiwiri, koma pabanja pathu theka la digiri ndi digiri ndithu.

Nkhani yake ili chonchi. Pali masewera otchedwa wakeboard, amene munthu amaima pa thabwa limodzi lomangidwa kumapazi, boti n'kumamukoka ndi chingwe cha mamita pafupifupi 20. Kukoma kwake n'kudumpha pa mafunde amene boti limasiya m'mbuyo. Mu 1985 Tony Finn wa ku San Diego anayamba kugulitsa thabwa lotchedwa Skurfer. Maboti akale ngati la bwana uja anapangidwira masewera ena, otsetsereka mothamanga pamadzi osalala, ndipo chingwe chimamangidwa pa kamzati kakafupi pakati pa boti, kutsogolo kwa injini. Chingwe chikakhala m'munsi choncho, munthu akangodumpha chimamukokera pansi. Chikamangidwa pamwamba, mamita awiri kuchoka pomwe anthu amaponda m'boti, chimamuthandiza kukhalitsa m'malere. N'chifukwa chake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Correct Craft ya ku Florida, yomwenso inapanga boti limene linaima ku Ndirande lija, inayamba kugulitsa maboti okhala ndi nsanja.

Apa mpamene theka la digiri linagwira ntchito. Ndinatenga sipanala yaitali ndi yaifupi. Aliyense amene anamasulapo nati ya tayala akudziwa kuti mphamvu yomweyo, ukaiika kumapeto kwa chitsulo chachitali, imapotokola kwambiri. Nsanja ndi sipanala yaitali, ndipo nati yake ndi boti lenilenilo. Mnyamata akamakoka chingwe m'mbuyo, miyendo iwiri yakutsogolo ya nsanja imafuna kuzuka, iwiri yam'mbuyo imafuna kuboola pansi. Akakhotera kumbali, nsanja yonse imafuna kupendeka, boti nalo n'kupendekera komweko.

Mlamu wanga anakhala chete, kenaka anati, "Ndiye kuti vuto si mapaipi, koma pomwe aima." Zimene ine ndinazimva m'kalasi miyezi itatu iye anazigwira asanamalize kapu ya tiyi.

Sanayambe ndi chitsulo ayi. Anagula mapaipi a pulasitiki a madzi aja, nawalumikiza ndi tepi pabotipo mpaka maonekedwe anakhala bwino: woyendetsa aziona kutsogolo, munthu wamtali asagunde mutu, miyendo yakutsogolo ndi yam'mbuyo italikirane mokwanira. Ana a m'dera anaseka, ati amisiri akumanga bafa pa boti.

Mkangano woyamba unali wa chitsulo. Bwana ankafuna mapaipi wamba a galata opaka penti ya siliva, poti ndi otchipa. Mlamu anakana: ndi olemera, ndipo katundu wolemera pamwamba pa boti laling'ono ndi mdani. Nsanja za kufakitale zambiri ndi za aluminiyamu, koma aluminiyamu safuna makina a marodi amene ali m'mashedi athu. Amafuna makina a TIG ndi mpweya wa argon, komanso amafooka pamalo pomwe pawotchedwa, chinthu chimene ambiri sadziwa. Anagwirizana pa mapaipi a stainless a mainchesi awiri. Mlamu anawadula, anakawapinditsa pa makina kuti asafwanyike pokhota, anawagwiriza pang'onopang'ono, kenaka anapita nawo kwa mnzake wa makina a argon ku Makata kuti akamalize. Sanachite manyazi kunena kuti apa makina anga salola. Anaikanso mahinjesi kuti nsanja izigona paulendo, poti mawaya a magetsi a m'makwalala athu mukuwadziwa.

Tsiku loboola m'mphepete mwa boti ndiye kunali nkhani. Thupi la boti ndi la fibreglass, ndipo pamwamba pake pali khungu losalala limene limachita ming'alu ukaliboola mwaphuma. Mlamu anamata tepi, anayamba ndi kabowo kakang'ono, zonse bwinobwino. Koma atalowetsa mkono kunsi kuti aone pomwe manati adzagwire, anapeza kuti mbali ina ndi yopyapyala moti ukakanikiza ndi chala chachikulu imagonja. Chakumbuyo, pomwe panali thabwa lolimbitsa, anatulutsa zinyenyeswazi zakuda zonyowa. Thabwalo linali litawola kalekale.

Anaimbira bwana. Anawauza kuti pafunika kuchotsa zowolazo, kuwonjezera nsalu ya fibreglass ndi guluu wake mkati, ndiponso kuika mapuleti achitsulo otambalala kunsi kwa mwendo uliwonse, kuti mphamvu isagwere pa mabawuti okha koma imwazike. Ntchito ya masiku ena anayi, ndalamanso zina.

"Amisiri, mwayamba kuba tsopano. Ingomangani mabawuti ndi mawashala basi. Ndani adzasuzumire kunsiko?"

"Bwana, kumapeto kwa chingwecho kudzakhala mwana wanu. Ndipo nsanja ikazuka sigwera m'madzi, imayamba yamenya amene akhala kumbuyo m'botimo."

Kunena zoona, ine bwana uja sindimuda kwambiri. Tonsefe ndife otero. Timalipira penti, sitilipira maziko. Tikagula geti timayang'ana maluwa achitsulo, osati mahinjesi. Ndiye amisiri ambiri anaphunzira kutipatsa zomwe maso athu akufuna, ndipo chinthu chikathyoka timathamangira kunena kuti za kuno n'zosalimba, bola za ku Joni. Inu a mumsika mukuidziwa nkhaniyi kuposa ine: kasitomala amene wakukakamiza kutsitsa mtengo ndi yemweyo adzaipitse dzina lako. Wowotcherera wa ku Ndirande alibe inshuwalansi kapena loya. Chuma chake ndi dzina lokha, ndipo boti limeneli tauni yonse inaliona pa shedi yake.

Mlamu anagula yekha zipangizozo ndi ndalama za geti la munthu wina, mlongo wanga akudandaula kuti nyumba ya lendi siidziwa za maboti. Anagona chagada m'botimo masiku anayi, manja akuyabwa ndi fibreglass.

Tinakayesa ku Mangochi m'mamawa, mwera usanadzuke. Mlamu anayamba walendewera yekha pansanjapo, kenaka ife amuna atatu tinakoka chingwe tili pamchenga, m'mbuyo ndi m'mbali, iye atagwira miyendo ya nsanja kumvetsera ngati pena pakulira. Anauza bwana kuti pansanjapo asadzamangepo boti lina lofuna kukokedwa kapena chubu chokwera ana, ndipo mabawuti aziwakhwimitsa kawirikawiri. Mnyamata anavala jekete loyandamitsa, analowa m'madzi, boti linanyamuka. Anagwa kanayi. Kachisanu anadumpha, thabwa linaoneka lonse m'malere, bambo ake anakuwa ngati Bullets yagoletsa. Titabwerera kumtunda mlamu sanayang'ane munthu aliyense. Anagwada n'kuyendetsa chala mozungulira mwendo uliwonse. Panalibe mng'alu.

Bwana analipira mtengo wa nsanja wonse tsiku lomwelo, anatigulira chambo ndi zakumwa. Za mapuleti ndi masiku anayi aja anati tidzakambirana. Miyezi itatu yapita. Mlamu wanga analemba ngongoleyo ndi choko pa chitseko cha shedi, ndipo sabata iliyonse amaibwereza kuti isafufutike.