Kutembenuzira mota pa sitandi pamalo opanikiza: mmene zimachitikira, ndi pamene simuyenera kuyesa

Aliyense amene anafikapo pa msika wa Lizulu kapena wa ku Tsangano tsiku la malonda akudziwa mmene njinga zamoto zimathinanirana. Munthu walowa pakati pa milu ya kabichi ndi matumba a kachewere, watsitsa katundu, ndiye pofuna kutuluka apeza kutsogolo mayi wayala tomato pansi, m'mbali mwaima ngolo. Mota zathuzi zilibe giya yobwerera m'mbuyo. Kumudzi vuto ndi lomweli: kanjira ka pakati pa nkhokwe ndi khola, pakhomo pa chigafa cha fodya, kapena m'chipinda momwe ambiri amagoneka mota usiku poopa akuba. Polowa zimaphweka, koma m'mawa munthu amatuluka chafutambuyo, akugunditsa magalasi pafelemu ya chitseko.

Anyamata ena a mototaxi, amene anzathu a ku Malawi amati a kabaza, ali ndi njira yawo. Amatsika, kuimika mota pa kachitsulo kake ka m'mbali, kuikokera kwa iwo, ndipo imazungulira pamalo omwewo ngati chitseko, n'kuyang'ana komwe yachokera. Kachitsulo kameneka amakaniko a ku Ulónguè amakatchula kuti descanso, pamene ambiri a m'malire timangoti sitandi. Oonerera amaganiza kuti ndi mphamvu za unyamata. Si mphamvu ayi, ndipo amene amadalira mphamvu ndi amene amagwetsa mota.

Mota ikaima pa sitandi imatsamira malo atatu: tayala lakutsogolo, tayala lakumbuyo, ndi phazi la sitandi, monga mphika pa mafuwa. Kulemera kwambiri kumakhala pa matayala, sitandi imangothandizira. Mukayamba kuikokera mbali ya sitandi, kulemerako kumasamuka pang'onopang'ono kuchoka pa matayala. Pamafika pamene thupi lonse la mota lakhala pamwamba penipeni pa phazi la sitandi. Pamenepo matayala amapepuka, ndipo chinthu cholemera makilogalamu oposa 100 chimatheka kuchizungulitsa ndi manja awiri. Ndi nzeru yomweyi imene timagwiritsa ntchito posuntha diramu yodzadza madzi: sitiinyamula, timaipendeka pa mkombero wake n'kumaiyendetsa.

Musanagwire chilichonse, zimitsani injini ndipo muisiye m'giya yoyamba. Giyayo ndi imene imaletsa mota kugubuduka mukaibwezera pansi. Ngati mota yanu ili ndi kampopi ka petulo pansi pa thanki, katsekeni, chifukwa ikapendekeka kwambiri kabuleta amatha kudontheza mafuta. Ngati mwangochoka paulendo wautali, dikirani pang'ono. Mwendo wanu ukhala pafupi ndi injini, ndipo paipi ya utsi, imene pa mota zambiri ili kumanja, izungulira mbali yomwe ana amakonda kuimirira n'kumaonerera. Athamangitseni kaye anawo.

Imani kumanzere, komwe kuli sitandi, mutayang'ana mpando. Khotetsani chiwongolero kumanja mpaka chigunde kumapeto. Dzanja lanu lamanzere lidutse pamwamba pa thanki ligwire chogwirira chakumanja, chimene tsopano chayandikira thankiyo. Mukachikoka chili choncho, chiwongolero sichisewera, chimakhala ngati chamangidwa. Chogwirirachi ndi chija chopotokola powonjezera moto, n'chifukwa chake injini iyenera kukhala yozimitsa. Dzanja lamanja ligwire kaliyala tsidya linalo, pa chitsulo chenicheni, osati pa pulasitiki kapena pa nyali yokhotera. Ena amakhotetsera chiwongolero kumanzere ndipo zimawayendera. Chachikulu n'chakuti chikhale kumapeto, chisamagwedezeke m'manja.

Tsopano gundikani ntchafu kapena chiuno m'mbali mwa mpando, pindani maondo pang'ono, n'kutsamira chagada kuti thupi lanu ndilo likoke, osati mikono. Kokerani kwa inu komanso chakumbuyo pang'ono. Mawu akuti chakumbuyowa musawaiwale. Sitandi imapindika mota ikasunthira kutsogolo, monga mmene imachitira mukamanyamuka, ndiye kukankhira kutsogolo ngakhale pang'ono kokha sitandi itasenza mota yonse ndi kuitsegulira njira yoti ipindike. Mukakokera kumbuyo imakanirira pa kachitsulo koiimitsa ndipo imalimba.

Mudzamva matayala onse awiri akupepuka. Palibe chifukwa chowakwezera m'mwamba. Akangosiya kugwira nthaka, ngakhale mpata wake utakhala wongokwana chala, basi zakwana. Apa ndi pamene pali luso lonse, ndipo sizifotokozeka bwino pa pepala: mota imamveka ngati yasiya kulemera. Mukapitirira pamenepo, kulemera konse kumabwerera, koma tsopano kukugwerani inuyo. Mukamva kuti yayamba kukukankhani, bwezani pang'ono.

Ikapepuka, yendani nayo ndi timasitepe tating'ono, thupi lili chigundikire. Ambiri amakokera kumbuyo kwa mota kwa iwo, mutu wake n'kumapita kutali nawo. Musathamangire kumaliza ulendo umodzi. Zungulitsani pang'ono, ikhazikeni pansi, yang'anani ngati sitandi idakali chilili, kenako mupitirize. Kawiri kapena katatu mudzapeza yayang'ana kumene mukufuna. Poikhazika, itsitseni mofatsa. Mukangoisiya, masipuling'i amaidumphitsa ndipo itha kugwera kumanja, kumene simungathe kuigwira.

Tsiku loyamba kuyesa, chitani pa simenti, mutavala nsapato zotseka kapena majombo, ndipo mnzanu aime kumanja kuti aigwire ikafuna kupita. Pata-pata pa ntchito imeneyi ayi. Phazi la sitandi likatsikira pa chala, kulima kwa sabata zingapo kwatha.

Zonsezi ndi mbali yosavuta. Chimene oonerera pa msika saona ndi zimene zikuchitikira kachitsulo kaja. Mota za 125 ndi 150 zimene zadzadza m'misewu ya Angónia, Tsangano ndi Macanga, monga Boxer, Lifan ndi zina zofanana nazo, zimalemera makilogalamu apakati pa 110 ndi 130 zilibe katundu. Phazi la sitandi ndi laling'ono, silikwana ngakhale bokosi la machesi. Potembenuza, kulemera konseko, kofanana ndi matumba awiri ndi theka a feteleza a makilogalamu 50, kumatsikira pa kamalo kameneko, ndipo pamwamba pake mukukapotokola. Amene anapanga sitandi anaipangira kuimikira mota. Imapirira kutembenuzirapo chifukwa ndi yachitsulo ndipo mota zathu n'zopepuka, koma kupirira kwakeko kuli ndi malire.

Malire oyamba ndi nthaka. Pa simenti, pa tala kapena pa bwalo louma gwa, phazi la sitandi limazungulira bwino. Pa mchenga ndi pa dothi lonyowa limaboola pansi ngati chokumbira. Ine zinandichitikira kwa amalume cha ku Dómuè, mwezi wa Januwale, mvula itagwa usiku. Pabwalo pankaoneka pouma, koma nditangoikoka, sitandi inamira mpaka theka ndipo mota inandikhalira pamwendo. Ndinapulumuka, koma galasi ndi chogwirira kilatchi zinathyoka, ndipo ndinabwerera ku Ulónguè ndi manyazi. Dzinja lonse, kuyambira Novembala mpaka Malichi, dothi lathu lofiira silodalirika. Ngati palibe pena, ikani kathabwa kolimba, mwala waphwatalala kapena khasu lakutha pansi pa sitandi. Pa khasu ndi pa lata samalani, chifukwa chitsulo pa chitsulo chimaterereka. Dziwaninso kuti pa simenti yosalala ya m'nyumba sitandi imasiya chipsera chozungulira, ndiye musadabwe mayi a pakhomo akakwiya.

Pamalo otsetsereka musayese n'komwe. Makomo ambiri a kuno ali m'mbali mwa mapiri, ndipo mota imene yayamba itayang'ana kumtunda imafika poyang'ana kumunsi ili pakati pozungulira. Pamenepo imafuna kupita kutsogolo yokha, ndipo taona kale chimene sitandi imachita zikatero.

Malire achiwiri ndi katundu, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa. Munthu wamanga matumba awiri a chimanga pa kaliyala, ali ku chigayo, ndiye kumasula mphira akuona kuchedwa. Matumba awiriwo ndi makilogalamu 100 owonjezera, kutanthauza kuti sitandi isenza kuposa 200. Choipa kwambiri n'chakuti katunduyo ali pamwamba komanso kumbuyo. Kamalo kaja kamene mota imapepukira kamachepa kwambiri, ndipo ikangopitirira palibe mkono umene ungaibweze. Zigubu za madzi kapena za petulo ndiye zoipiratu, popeza zamkatimo zimakhuthukira mbali yomwe mwapendekera n'kuwonjezera kukankha. Tsitsani katundu, tembenuzani, mangani kachiwiri. Ngati mukudziwa kuti mukupita kokakweza matumba, tembenuziranitu mota pofika, isanalemere.

Malire achitatu ndi sitandi yeniyeniyo. Gwadani muione mmene inamangidwira. Pa mota zina inagwira pa kachitsulo kowotcherera ku felemu. Pa zina, makamaka zotengera kapangidwe ka Honda CG 125, sitandi ili pa mtanda wa zopondera, ndipo mtandawo unamangidwa ndi mabawuti kunsi kwa injini. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa. Mabawuti amenewa akakhala olefuka, kutembenuza kulikonse kumakukuta mazinga a m'mabowo mwake, ndipo tsiku lina bawuti imangozuka. Kugula sitandi yatsopano si nkhani yaikulu, koma kukonzetsa bowo la pa injini kumadya ndalama ndi masiku.

Zizindikiro zimaoneka kale ngozi isanafike. Mota ikayamba kupendekeka kwambiri kuposa kale mukaiimika, ndiye kuti sitandi yapindika kapena bowo la bawuti yake lakula. Igwedezeni ndi dzanja ili m'mwamba: ikamasewera uku ndi uku, yatha. Onani ngati pali mng'alu kapena dzimbiri pamalo owotcherera. Sitandi imene inathyokapo n'kulumikizidwa kwa owotcherera itha kuimika mota zaka zambiri, koma ine sindingaikhulupirire kuti isenze mota yonse. Onaninso sipuling'i. Ambiri ikaduka amamangapo mphira ya chubu, ndipo mphirayo siikoka sitandi mwamphamvu kuti ikhale pamalo pake.

Palinso chizolowezi china chimene chimapha sitandi mwakachetechete, chokhala pa mota ili pa sitandi podikira makasitomala, nthawi zina anthu awiri. Amene amachita zimenezi tsiku lililonse ndi omwenso amakonda kutembenuzira pa sitandi, ndipo kachitsulo kamakhala katatopa kale.

Njira zina zilipo, ndipo nthawi zambiri ndi zabwino kuposa imeneyi. Mota zambiri za 125 ndi 150 zili ndi sitandi yachiwiri yapakati, ya miyendo iwiri. Mukaimika mota pa imeneyo pamwamba pa thumba lopanda kanthu la feteleza, pa simenti, n'kudinikiza kumbuyo pang'ono kuti tayala lakutsogolo lipepuke, imazungulira mosavuta ndipo siipendekeka. Kwa amene amagoneka mota m'nyumba usiku uliwonse, iyi ndiyo ndingawalangize. Pa dothi lofewa, anthu awiri atha kungonyamula kumbuyo pa kaliyala n'kusunthira m'mbali pang'onopang'ono, mmodzi atagwira chiwongolero ndi buleki yakutsogolo. Ndipo pamene pali mpata wa mamita atatu kapena anayi, kukankha kutsogolo ndi kumbuyo kangapo mutakhotetsa chiwongolero sikuwononga kanthu, kumangotenga mphindi imodzi. Achikulire, amene ali ndi vuto la msana, ndi amayi oyembekezera asankhe njira zimenezi.

Mota zikuluzikulu zimene mumaona ndi alendo odutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè zimalemera makilogalamu oposa 200, ndipo zina sitandi zake n'za aluminiyamu, zimene zimathyoka mwadzidzidzi osayamba zapindika. Wina akakusungitsani yotere, isiyeni mmene waiimikira.

Mukamaliza kutembenuza, mota imakhala ili pa sitandi, yayang'ana njira, ndipo mtima umakhala uli kale paulendo. Mota zambiri zotsika mtengo zilibe switchi yozimitsa injini sitandi ikakhala pansi, ndiye zimalira n'kunyamuka bwinobwino. Sitandi yoiwalika imadikira pokhota poyamba pa kumanzere, pamene imakhula pansi n'kunyamula tayala lakumbuyo. Mukakwera, ikankheni ndi chidendene mpaka mumve yagunda m'mwamba, tsegulani kampopi ka petulo kaja munatseka, kenako muchotse giya musanalize injini.