Kuwotcha Nthochi M'malo Mokazinga

Anthu ambiri ku Karonga amakazinga nthochi zaziwisi ndi chinangwa m'chiwaya chodzaza mafuta, ndipo mafuta omwewo amawatenthetsa mobwerezabwereza mpaka ade. Chakudya chotere chimanenepetsa mopitirira, ndipo sichiyenera kwa odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Mayi wopanda uvuni angathe kuchita monga aphikira chigumu. Asende nthochi 6, azidule m'litali, azipake supuni imodzi yokha ya mafuta, naziyale mumphika wouma. Makala ochepa akhale pansi, ambiri pamwamba pa chivindikiro chachitsulo. Pakatha mphindi 15 azitembenuze. Pomakwana mphindi 30 zimakhala zitafiirira kunja, m'kati zitafewa.

Achali wa mango amakometsa nthochizi, komatu mchere wake ngwochuluka. Kasupuni kamodzi nkokwanira, ndipo nthochizo asazithirenso mchere.