Amene amasayina kuti msewu wapangidwa bwino

Boma la Molumbo, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, lidali gawo la Milange kufikira chaka cha 2013 pamene lidayamba kuima palokha. Alimi a chimanga, nandolo ndi soya a kumeneko amadziwa kuti mtengo wa zokolola zawo umatsata msewu: ukakumbika m'dzinja, wogula safika. Msewu wa phula wochokera ku Milange kupita ku Mocuba, umene udamangidwa ndi thandizo la European Union, udaonetsa dera lonseli phindu la njira yabwino.

Pa ntchito yotere, ambirife timangoona kontirakitala ndi makina ake. Koma pamakhalanso kampani ina, ya alangizi a uinjiniya, imene bungwe loona za misewu la ANE limailemba kuti ikhale maso ake. Antchito ake sayendetsa thirakitala. Ena amayeza malo, ena amatenga dothi ndi konkire kukazipima, ndipo injiniya wamkulu ndiye amasayina kuti gawo lakutilakuti latha bwino, kontirakitala alipidwe.

Ntchitoyi ili ndi ulemu wake, koma siyofewa. Ogwira ntchito amakhala pamsasa miyezi yambiri, kutali ndi mabanja awo. Popeza dothi lonyowa kwambiri silitsendereka, m'chilimwe amathamanga ndi nthawi mvula isanagwe, ndipo masiku amatalika. Ambiri amalembedwa pa mgwirizano wothera limodzi ndi msewuwo; phula likafika kumapeto, nkhawa ya mawa imayamba. Cholemera koposa ndi kunena kuti ayi. Woyeza akapeza kuti dothi silinatsenderedwe mokwanira, ayenera kulamula kuti lifukulidwe, ngakhale kontirakitala akwiye kapena abwere ndi kangachepe m'manja.

Apa ndi pamene kasamalidwe ka wantchito kamakhudza ife tonse. Munthu amene malipiro ake achedwa, amene akuopa kuti bwana wake sadzamuikira kumbuyo, savuta kumugula. Koma wolipidwa pa nthawi yake, wopatsidwa tchuthi chokaona ana ake, ndi wodziwa kuti akulu ake adzalemekeza zimene wapeza, amakana molimba mtima. Madzi ndiwo amadzaulula zonse. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo udasefukira n'kudula msewu waukulu wa N1 ku Mocuba, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasakaza Zambezia ndi Mulanje yemwe. Si mlatho uliwonse ungapirire madzi otero, komabe kalavati yomangidwa mwachinyengo ndiyo imayamba kukokoloka.

Malamulo salekerera wantchito ameneyu. Lamulo la ntchito la ku Mozambique la nambala 13/2023, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2024 m'malo mwa la 2007, limaika maola 8 patsiku ndi 48 pasabata, ndipo maola owonjezera ali ndi malipiro ake. Ku bungwe la INSS, losunga ndalama za paukalamba ndi pamatenda, wantchito amapereka 3 pa 100 ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezapo 4 pa 100.

Tsono abale ndi alongo, mwana wanu akaitanidwa ku kampani yotere, ngakhale pa ntchito yonyamula zipangizo zoyezera, asangofunsa za malipiro okha. Afunse ngati mgwirizano ndi wolembedwa, ngati dzina lake lapita ku INSS, ngati nsapato ndi chipewa chodzitetezera zilipo, ndiponso amene adzamuphunzitse ndani. Luso loyeza malo kapena kupima dothi limatsala ndi mwini wake msasa ukapasuka. Ndipo chimwemwe chenicheni cha ntchitoyi chimadza mochedwa, tsiku limene munthu adzadutsa pa mlatho umene adauyang'anira, dzinja zingapo zitapita, n'kuupeza uli chiimire, malole a chimanga akuwolokapo.